Zigoli za a Chalowa

A Chalowa, ometa tsitsi a pageti pa koleji yathu, ankavula magalasi akamaonera mpira. Anthu ena a maso ofooka amavala magalasi kuti aone bwino, koma iwo wezulo akangolira ankawavula, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika m'thumba la malaya. Akatero ankakwera pachitsulo cha thanki ya madzi, lipenga lawo la lata lokuzira mawu lili m'khwapa, n'kuyamba kuulutsa masewerowo kwa aliyense wokhala ndi makutu. Popanda magalasi, mkulu ameneyu sankatha kusiyanitsa mpira ndi nkhuku. Koma mpira umene unkatuluka pakamwa pawo, abale anga, sindinauonenso kwina kulikonse.

Dzina lawo lenileni linachita kufota chifukwa chosaitanidwa. Aliyense ankangoti a Chalowa, poti ndiwo mawu amene ankakuwa timu yathu ikagoletsa: "Chalowaaa!" Ankawakoka mawuwo mpaka nkhunda za padenga la laibulale zinkabalalika. Vuto linali limodzi lokha. Chaka chimene ndikunenachi timu yathu sinkagoletsa. Sindikunena kuti tinkagoletsa pang'ono ayi. Ligi ya makoleji inayamba, mvula inatha, udzu unauma, ife osalawako chigoli ngakhale changozi. Koma a Chalowa ankakuwa Loweruka lililonse, kawiri, katatu, tsiku labwino mpaka kasanu.

Ine ndinali goloboyi, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena. Ndinawerama kutola mipira muukonde moti msana wanga mpaka lero umandikumbutsa kukazizira. Anandisankhanso kukhala kaputeni, ati chifukwa m'timu monse ndine ndinkaugwira mpira kawirikawiri. Kochi wathu anali mphunzitsi wa masamu, amene anapatsidwa timu chifukwa ndiye yekha anapezeka ndi wezulo m'dirowa. Otchinga kumbuyo anali anyamata oleredwa bwino: mlendo akabwera ndi mpira ankamupatukira. Kutsogolo kunali mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene tinkamutcha Mlengalenga, chifukwa mpira uliwonse umene waumenya unkayamba wapita kukaona mitambo. Nthawi zambiri unkalumpha mpanda n'kukagwera kumsewu, ndipo patapita kanthawi unkabwerera, woponyedwa ndi dzanja limene sitinkaliona.

Mpanda umenewu muumvetse. Unali wa njerwa, wautali, ndipo anthu akunja sankaloledwa kulowa m'bwalo chiyambire ndewu ina ya makedzana imene palibe ankakumbukira chiyambi chake. Kuseri kwake kunali msewu wa anthu ogwira ntchito zamanja: owotcherera zitsulo, amayi ogulitsa zipatso, okonza njinga, atelala. Onsewa ankaonera mpira wathu ndi makutu. Thanki inali chapakona, yotalika kuposa mpandawo, ndiye mawu a a Chalowa ankagawika pawiri, ena n'kugwera m'bwalo, ena mumsewu.

Masewero oyamba ndimawakumbukira bwino. Alendo anandiwombera mpira umene sindinauone n'komwe, ndinangomva mphepo. Ndili chigonere pansi, fumbi lili m'kamwa, ndinamva lipenga kumwamba:

"Goloboyi wauluka! Wauthyola m'mwamba ngati chipatso chakupsa! Taonani manja awo, anthu inu, manja a mwana wobadwa bwino!"

Ndinachedwa kudzuka kuti ndimve bwino mmene ndaugwirira. Kunena zoona, ndinaugwira mochititsa kaso.

Kenaka Mlengalenga analandira mpira, unamugunda pabondo n'kumuthawa, iye n'kuuthamangira, n'kuumenya. Pamene mpirawo unkalumpha mpanda, a Chalowa anali akuti:

"Waulandira pachifuwa, waugoneka pansi. Wadutsa woyamba, wamusiya akufunsa njira. Wadutsa wachiwiri, ameneyo akapepese kwawo. Udzu ukumugonera, mphepo yaima kuti ione nawo. Wayang'ana kumwamba, wayang'ana pagolo, wakumbukira mayi ake... Chalowaaa!"

Kuseri kwa mpanda kunamveka nthungululu, owotcherera n'kumamenya zitsulo. Mnyamata wina wa alendo anandiyandikira, nkhope itasokonezeka.

"Aise, mdala ameneyu akuonera masewero ati?"

"Omwewa."

"Koma akuti mwagoletsa."

"Nanga ukutani kuno? Bwerera ukatchinge, tingakugoletseninso."

Shopu ya a Chalowa inali kachipinda ka malata kotsamira pampanda womwewo. Mpando wometerapo unali wa galimoto yakale, wokhomeredwa pathabwa. Galasi linali long'aluka pakona, botolo la sipiriti lili pambali pake, ndipo pakhoma panali zithunzi za mitu yometedwa mosiyanasiyana, imene palibe mutu ngakhale umodzi unatuluka m'shopumo ukufanana nayo. Pometa ankavala magalasi, ndipo dzanja lawo linali labwino ndithu kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu. Ngozi inali Lolemba. Tsiku limenelo masewero a Loweruka anali akadali otentha m'mutu mwawo, ndiye munthu akangofunsa kuti zinayenda bwanji, ankakankhira magalasi pamphumi, makina ometera ali m'manja, n'kuyamba kufotokoza. Makinawo ankayenda mmene mpira unayendera. Tonse tinkadziwa zimenezi, kupatula kochi, amene anakakhala pampando uja Lolemba lina ndi cholinga choti awalangize.

"Madala, ndimati ndikufunseni. N'chifukwa chiyani mumanama pathanki paja?"

"Kunama? Ine?"

"Dzana atikwapula. Inu mwalengeza kuti tawina."

"A kochi, ine ndimaulutsa mpira umene anyamatawa akufuna kusewera. Mumtima mwawo amasewera bwino kwambiri. Kungoti miyendo yawo imachedwa kumva."

"Koma masamu satero. Ziro ndi ziro."

"Mwaona chigoli chachiwiri chija? Ayi, simunachione, munali otanganidwa ndi kuyang'ana. Mlengalenga anayambira apa, pakhutu. Anabwera chonchi, n'kukhota chonchi, n'kubwereranso..."

Kochi anatuluka m'shopumo ali ndi njira yokhotakhota yochokera pakhutu lamanja mpaka pankhongo. Kwa sabata yonse, akatembenuka kuti alembe pabolodi, kalasi inkaonera chigoli chachiwiri cha Mlengalenga.

Akazi awo a Chalowa, mayi wosalankhulalankhula amene ankabwera masana kudzasesa tsitsi ndi kuchapa nsalu zofunditsa ometedwa, anali atazolowera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amapirira bwanji.

"Mwana wanga, bambo awa tsiku limene anandifunsira anali atavula magalasi. Mpaka lero sindidziwa kuti anaona ndani."

"Ndinaona inu nomwe," anatero a Chalowa akupukuta lumo.

"Mmene munkandifotokozera kwa abale anu, ine ndinkachita nsanje ndi mkaziyo."

Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene nkhaniyo aibwereza kwa zaka zambiri osatopa nayo.

Masewero akakhala kwina, a Chalowa sankapita nawo, ati basi imawachititsa chizungulire. Koma musaganize kuti ankapuma. Nthawi ikakwana ankatseka shopu, n'kukwera pathanki, n'kuvula magalasi, n'kuulutsa masewero amene ankachitikira kutali, bwalo lathu lili pululu, mbalame zokhazokha zikutola tizilombo pakati. Amene anawaonapo amati ankachita kuloza ndi dzanja, n'kumadzudzula woyimbira chifukwa chokana penate yoonekeratu. Ife tinkabwera madzulo titathibulidwa, aliyense atatsamira pazenera osafuna kuyang'ana mnzake. Basi ikangokhotera mumsewu wathu, tinkapeza anthu ataima m'mbali, akuwomba m'manja. Amayi a zipatso ankatiponyera nthochi pazenera. Poyamba tinkachita manyazi. Kenaka tinayamba kubayibitsa. Pofika pakati pa chaka tinkatsika basiyo ngati anthu amene abwera ndi chikho, ndipo munthu ukagona pabedi unkadzifunsa kuti mwa masewero awiriwo, amene unasewera ndi amene wamva, enieni ndi ati.

Amene sankasangalala anali Mlengalenga. Mayi ake anali telala mumsewu womwewo, khonde lawo loyang'anizana ndi mpanda. Anamulera okha ndi makina osokera aja, ndipo Loweruka lililonse ankamva dzina la mwana wawo likutsika kuchokera kumwamba. Akapita kukawaona, ankamulandira ndi manja awiri.

"Wabwera womwetsa zigoli! Khala apa, upumitse miyendo imeneyo."

Iye ankangoti zyoli, n'kumatola tizidutswa ta nsalu pansi. Pobwerera ankandiuza kuti, "Aise, tsiku limene mayi adzadziwe zoona, ine ndidzasamuka. Amauza kasitomala aliyense. Wina amangobwera kudzasoketsa batani, amachoka atamva zigoli zanga zonse."

Tikanatha chaka chonse tikuyandama choncho pakanapanda mkulu wa koleji. Anali watsopano, munthu wa mapepala, wogwira ntchito ngakhale Loweruka. Zenera la ofesi yake linali loyang'ana kumbali ina, ndiye nayenso mpira ankauonera ndi makutu. Tsiku lina pamsonkhano wa ophunzira onse anatiimiritsa, n'kunena kuti makalasi onse atengere chitsanzo pa timu ya mpira. Kochi anayang'ana nsapato zake. Palibe amene analimba mtima kuwongola nkhaniyo. Ndiye mkulu uja anapita nayo kumsonkhano wa akuluakulu a makoleji, n'kukaitula pakati pa anzake, pamaso pa anthu amene matimu awo anali atatisandutsa chopondera. Akuti wina anaseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

M'mawa mwake tinaitanidwa atatu: kochi, ine, ndi a Chalowa, amene anabwera atavala jekete, tsitsi la anthu lili m'mapewa.

"Bambo, ndinu amene mumakuwa pathanki?"

"Ndine, bwana."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Zigoli zonse zija zili kuti?"

"Zili m'njira, bwana."

"M'njira?"

"Zinanyamuka kale. Kungoti kumene zikuchokera n'kutali."

Ine ndinadziluma mlomo. Mkulu uja sanaseke.

"Mvetserani. Loweruka likubwerali ndi masewero omaliza. Mukapanda kugoletsa chigoli chimodzi, chenicheni, choti woyimbira aloze pakati pa bwalo, timu yatha. Bwalo lija tithirapo miyala, pakhale poimika magalimoto. Ndipo inu bambo, ngati mukufuna kukweranso pathanki, muvale magalasi anuwo, munene zokhazo zimene zachitika."

A Chalowa anatembenuza chipewa m'manja.

"Zokhazo zimene zachitika? Nanga bwana, ndikanena chiyani?"

"Lonjezani."

Anayang'ana kochi, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana pazenera, kumene kunalibe bwalo.

"Ndalonjeza, bwana."

Ndipo anthu ambiri sankadziwa kuti a Chalowa, ngakhale ankagawa zigoli ngati mchenga, akalonjeza chinthu sankabwerera m'mbuyo.

Sabata imeneyo tinachita masewero okonzekera ngati anthu olusa. Kochi anajambula mizere ndi makona pabolodi, kutisonyeza kuti malinga ndi masamu, golo ndi lalikulu kwambiri kuyerekeza ndi mpira, choncho palibe chifukwa chomveka cholepherera. Tinavomera. Lachinayi tinasewera tokhatokha, ine n'kuchokapo pagolo kuti anzanga azolowere kuona ukonde ukugwedezeka. Tinalepherana osagoletsana.

Loweruka linafika. Ophunzira anadzaza m'mbali mwa bwalo, ena kudzatilimbikitsa, ena kudzatsanzika. Mkulu wa koleji anabwera ndi mpando wake. A Chalowa anakwera pathanki pang'onopang'ono, magalasi ali pamaso. Anaika lipenga pakamwa. Mawu oyamba amene anatuluka anali aang'ono.

"Kodi bwalo lathuli lilibe udzu?"

Anthu anaseka. Iwo sankaseka.

"Goloboyi wathu jezi yang'ambika m'khwapa. Ukonde amanga ndi zingwe za nsapato. Uyo ndi Mlengalenga? Wochepa thupi chonchi? Kodi mwana ameneyu amadya?"

Wezulo analira, ndipo tinamva kuulutsa kumene sitinakumvepo.

"Mpira uli kwa alendo. Ukadali kwa alendo. Wabwera kwa ife. Wabwerera kwa alendo."

Atandigoletsa choyamba, lipenga linati: "Goloboyi wagwera kumanja. Mpira wadzera kumanzere." Basi. Chaka chonse ndinkagoletsedwa, koma sindinamvepo kuwawa ngati tsiku limenelo. Ndinadzuka msanga, poti panalibe choti ndimvetsere pansipo. Ndinazindikira kuti mawu aja ndi amene ankatinyamula chaka chonse. Popanda iwo tinali anyamata oonda othamanga pafumbi. Kuseri kwa mpanda kunalibe nthungululu. Owotcherera ankapitiriza ntchito yawo, ndipo mphepo ikatembenuka unkamva makina osokera akugogoda.

Anatigoletsa chachiwiri, chachitatu, n'kuwonjezera china chapamwamba. Mawu a pathanki ankacheperachepera. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa thanki unafika pakati pa bwalo, woyimbira n'kuyamba kuyang'ana wotchi. Ndinayang'ana bwalo lija n'kuyamba kuona magalimoto ataima m'mizere, ina ili pamalo panga penipeni.

Ndiye Mlengalenga anapeza mpira pafupi ndi golo la alendo, iye yekha ndi goloboyi. Bwalo lonse linaimirira. Anaumenya. Unalumpha mpanda.

"Wapita kumsewu," anatero a Chalowa, mawu ngati a munthu wopepesa maliro.

Patapita kanthawi mpira unabwerera monga mwa masiku onse. Goloboyi wa alendo anauika pansi akuseka. Mlengalenga anali atatuluka m'bokosi, atafulatira golo, ndipo anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato. Anandiuza pambuyo pake kuti chingwecho chinali chomanga kale, iye ankangobisa misozi. Goloboyi uja, poti anali akusekabe, anaumenya molakwika, chapansipansi koma mwamphamvu. Mpira unakamenya Mlengalenga m'matako, phaa, mpaka anagwa chafufumimba.

Mpirawo unanyamuka, poti chilichonse chokhudza thupi la mnyamata ameneyu chinkayamba chapita kumwamba. Unakwera, unakwera, unaima kaye kumeneko ngati ukuganiza. Kenaka unayamba kubwerera. Goloboyi anathamangira kutsogolo, n'kuzindikira kuti walakwitsa, n'kubwerera chambuyo, n'kupunthwa. Mpira unatera kumbuyo kwake, unadumpha kamodzi, n'kuyamba kugubuduka pang'onopang'ono, mopanda changu, ngati munthu wobwera kwawo amene akudziwa kuti chitseko n'chosakhoma. Unadutsa mzere, unakagona muukonde.

Woyimbira analoza pakati pa bwalo.

Phokoso limene linabuka sindingalifotokoze. Koma linatha msanga, chifukwa tonse, osewera, ochemerera, kochi, ngakhale mkulu wa koleji amene anali ataimirira pampando wake, tinatembenukira kuthanki. Tinkadikira mawu amodzi aja. Chaka chonse ankaperekedwa ulere, lero tinali titawagwirira ntchito.

A Chalowa anali chiimire, lipenga lili lende m'dzanja. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso. Anayang'ana kugolo. Anatseka pakamwa ndi dzanja. Sananene kanthu.

Wezulo womaliza atalira tinavina ngati tatenga chikho, alendo amene anatikwapula n'kumatiyang'ana modabwa. Kenaka tinathamangira kuthanki. Tinawapeza atatsika, atakhala pachitsulo cha m'munsi.

"Madala, bwanji simunakuwe?"

"Kukuwa chiyani, ana anga?"

"Chigoli!"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Nanunso munachiona?"

"Bwalo lonse lachiona! Woyimbira waloza pakati!"

"Ine ndimayesa n'changa," anatero motsitsa mawu. "Ndinachiona chikulowa, ndiye ndinati, ayi, zayambanso zija, magalasi ali pamaso pomwe. Paja ndinalonjeza kwa bwana. Ndinachita kudziluma lilime kuti chisatuluke."

Kochi anatembenuka n'kumayang'ana kwina.

"Ndiye chalowadi? Chenicheni?" anafunsa a Chalowa.

"Chenicheni, madala."

"Ndi matako?"

"Ndi matako."

"Ayi, chimenecho n'chanu ndithu. Zanga sizilowa choncho."

Anayamba kuseka, anaseka mpaka misozi inadzaza m'magalasi, ndipo sindikudziwa kuti kusekako kunathera pati, kulira n'kuyambira pati. Tinawapempha kuti akwerenso akuwe, ngakhale mochedwa. Anakana. Anati chigoli chotero sichingatuluke pagulu chili chosapesa. Achitenga kushopu, akachimete bwino, adzachilengeze pamasewero oyamba a chaka chamawa, mpira usanayambe.

Madzulo omwewo ndinaperekeza Mlengalenga kwa mayi ake. Anali ndi nkhawa yatsopano.

"Aise, taona tsoka langa. Tsiku lokhalo limene ndagoletsa, mayi amva kuti sindinagoletse."

Tinawapeza atafunditsa makina, ataima pakhonde, manja ali m'chiuno.

"Chalowa eti?"

"Mwadziwa bwanji, mayi? A Chalowa sanakuwe."

"N'chifukwa chake ndadziwa."

Mayiwo anamuloza ndi chala, n'kupitiriza.

"Iwe, ndinakubereka ndine. Uli mwana unkagenda mango n'kuswa mazenera a eni. Mipira yako yonse ija ukuganiza inkatera kuti? Pakhonde pano. Mkono uwu watopa ndi kuiponya."

"Ndiye munkadziwa? Chaka chonse?"

"Msewu wonse unkadziwa. Koma tandiuza, mwana wanga, munthu ukusoka zigamba za anthu tsiku lonse, wina n'kumakuuza kuchokera kumwamba kuti udzu ukugonera mwana wako, ungamuletse? Lero ndamva anthu akukuwa, bambo aja ali zii. Ndinangoti, ayi, ichi chawagwira pakhosi. Chalowadi."

Anamukumbatira, n'kumufunsa kuti anamenya ndi mwendo uti. Iye anati adzawafotokozera tsiku lina.

Bwalo linapulumuka. Mkulu wa koleji anasunga mawu ake, ndipo Lachiwiri lotsatira anaoneka atakhala pampando wa galimoto uja akumetedwa. Wina anali atamuchenjeza za Lolemba. Patchuthi chonse a Chalowa anali kumeta chigoli chija. Kasitomala aliyense ankachipeza chitasintha. Poyamba matako anasanduka chidendene. Kenaka Mlengalenga sanawerame, anachita kufulatira dala kuti goloboyi asaone maso ake. Nditapita kukametetsa komaliza, mpira unali utakhala kumwamba nthawi yaitali moti nkhunda ina inaterapo.

"Chatsala pang'ono," anandiuza akundipaka sipiriti. "Kwangotsala m'mbali umu."

Anali akutsokomola tsiku limenelo, koma anati ndi tsitsi la anthu lalowa pakhosi. Sukulu isanatsegulidwe, uthenga unatipeza kwathu kuti a Chalowa atisiya. Anadwala masiku ochepa chabe.

Timu yonse inabwera kumaliro, ndipo msewu wonse unatseka ntchito. Pokonza thupi, wachibale wina anatenga magalasi kuti awaveke, ati anthu awazindikire. Akazi awo anatambasula dzanja n'kuwalanda mofatsa, n'kuwapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya a malemuwo, mmene eni ake ankachitira.

"Asiyeni apite chonchi," anatero. "Akaone bwino."

Chigoli chija sichinalengezedwe. Pamasewero oyamba a chaka chotsatira tinaima pakati pa bwalo, mpira usanayambe, tonse tikuyang'ana kuthanki. Panali amene ankafuna kuti mmodzi wa ife akwere akakuwe, koma palibe amene ankadziwa pamene eni ake analekezera kuchimeta. Woyimbira anadikira, kenaka anaimba wezulo.

Papita zaka tsopano. Timu ilipo, ili ndi kochi weniweni, ndipo imagoletsa monga matimu ena onse. Anagula zokuzira mawu zamagetsi, koma anaziloza m'bwalo, ndiye kumsewu sikufika kanthu. Wophunzira amene amaulutsa amanena zoona zokhazokha, mayina ndi manambala, osalakwitsa. M'kashopu muja mumagulitsidwa zikwama za mafoni. Ndimawasowa a Chalowa, ndipo sindichita manyazi kunena. Moyo wandigoletsa kangapo chichokereni pakoleji, ndipo nthawi iliyonse ndimachedwa kudzuka, kudikira wina woti andiuze mmene ndaugwirira.

Ndikapezeka kumeneko Loweruka sindilowa m'bwalo. Ndimakhala pakhonde la mayi a Mlengalenga, amene tsopano amavala magalasi nawonso kuti alowetse ulusi pasingano. Timamvetsera limodzi. Phokoso likabuka kuseri kwa mpanda, amachotsa phazi pamakina, n'kupendeketsa mutu cha kuthanki. Owotcherera nawo amazimitsa moto. Msewu wonse umadikira. Kumwamba kumakhala zii.

"Chalowa," amatero mayiwo chapansipansi, n'kubwezera phazi pamakina.